Mafunso ndi Mayankho: Galasi lakutsogolo la galimoto yaliwiro likang'aluka

Makalata a mwezi uno achokera ku Joni. Ambiri mwa olemba si eni ake a magalimoto odulawa. Ndi abale athu amene amawayendetsa, kuwatsuka kapena kuwakonza m'magaraja a ku Sandton, Randburg ndi Midrand, ndipo galasi likasweka chala chimayamba kuloza iwo. Akuyankha ndi amisiri oika magalasi a galimoto.

Zikomo akuluakulu. M'mwezi wa July ndinkabweza Porsche 911 ya abwana kuchokera ku sevisi, lole ya mchenga n'kundiponyera kamwala pa N1 chakufupi ndi Midrand. Panangotsala kabala ngati njere ya mapira. Patatha masiku atatu tinadzuka mng'alu utatalika kuposa chikhatho, ukulowera m'mphepete. Abwana akuti mwina ndinatsamira galasi potsuka. Kodi lingamatidwe? Nanga ndiwatsimikizira bwanji kuti unali mwala? — Dalaivala, Bryanston

Achimwene, tiyambe ndi chokuchotsani mlandu. Imani kunja kwa galimoto, mutenge bolopeni, muyendetse nsonga yake pang'onopang'ono mumng'alumo. Pamene mwala unamenya nsongayo ikodwa m'kadzenje. Mng'alu wobwera chifukwa chokanikiza galasi kapena kuliika molakwika umayambira m'mphepete ndipo bolopeni imangotsetsereka mpaka kumapeto. Aonetseni abwana kadzenjeko, mukajambulenso ndi foni chifukwa a inshulansi adzafuna chithunzi chomwecho.

Kumata kunali kotheka tsiku loyamba lija, pano ayi. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri, lililonse lokhuthala pafupifupi mamilimita 2, ndipo pakati pake pali pepala la pulasitiki lotchedwa PVB, la mamilimita 0.76. Kamwala kamaswa lakunja lokha. Bala likakhala laling'ono kuposa ndalama yachitsulo ya R5, lisali polunjika maso a woyendetsa kapena diso la kamera, komanso litatalikira m'mphepete ndi masentimita 6 kapena kuposa, mmisiri amakoka mpweya m'balamo, n'kupoperamo utomoni, n'kuuumitsa ndi nyale ya UV. Ndi ntchito ya theka la ola. Koma mng'alu ukangoloza m'mphepete, pomwe galasi limanyamula mphamvu zambiri, utomoni sungaugwire. Lichotsedwe basi.

Chinaukulitsa ndi nyengo ya kuno. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo m'mawa wa June ndi July galasi limadzuka lili zii ndi chisanu. Mukayatsa mpweya wotentha mwamphamvu kuti muchotse nkhungu, galasi lamkati limafutukuka lakunja likadali lozizira, ndiye lakunjalo limakokeka n'kung'ambikira pabala paja. Nthawi yotentha zimachitikanso mukathira madzi ozizira pagalimoto yomwe yakhala padzuwa. Kuwonjezera apo, magalimoto aliwiro ndi ouma miyendo. Dzenje lililonse lamumsewu, hampu iliyonse ya m'ma estate, zimafika pagalasi osafewetsedwa.

Tsiku lina zikadzachitikanso, matani selotepi yoonekera pabalapo nthawi yomweyo kuti fumbi ndi madzi zisalowe, osatsuka galimoto, ndipo mukamatitse tsiku lomwelo. Superglue musamuyandikizeko, amatseka njira ya utomoni.

Ndili ndi Audi R8 yomwe ndinagula kwa munthu. Matalala anaswa galasi. A inshulansi akuti andipezera lotsika mtengo mwachangu, pomwe kwa dila akuti ndidikire lichoke ku Germany. Galasi si galasi basi? — Mayi wabizinesi, Fourways

Mayi, pa Polo kapena Hilux tikanakuuzani kuti musavutike. Magalasi a magalimoto ofala amapangidwa ambirimbiri, ena konkuno ku South Africa ndi a Shatterprufe, ndipo amakhala bwinobwino. Galimoto ngati yanuyi ndi nkhani ina, ndipo ife tikuti dikirani la opanga galimotoyo.

Chifukwa chachikulu ndi kupindika. Galasi la galimoto yaliwiro ndi logona kwambiri, lokhota mbali zonse. Likaphonya ndi mamilimita 2 kapena 3 pakona imodzi, woika amalikanikiza kuti ligone, guluu n'kuuma galasilo lili lokakamizidwa. Pakapita milungu ingapo mumadzuka mng'alu utayambira pakonapo popanda mwala uliwonse. Galasi lopindidwa mosasamala limapotozanso zinthu. Muime nalo moyang'ana mzere woongoka, monga chipupa kapena pholo lamagetsi, muyendetse mutu uku ndi uku. Mzerewo ukamavina ngati uli m'madzi, likaneni.

Poitanitsa, perekani nambala yonse ya chesisi, ya zilembo ndi manambala 17 ija, osati dzina la galimoto ndi chaka zokha. Mtundu umodzi umatha kukhala ndi magalasi angapo osiyana: lina lili ndi malo a sensa yamvula, lina a kamera, lina lili ndi eriyo mkati, lina PVB yake ndi yochepetsa phokoso. Nenaninso momveka kuti chiwongolero chili kumanja. Magalasi otsika mtengo a pa intaneti kawirikawiri amakhala a magalimoto a ku America kapena ku Germany, achiwongolero chakumanzere, ndipo pamitundu ina mzere wakuda wam'munsi ndi pogona mawaipa zimasiyana.

Likafika, onani chidindo pakona. Pamakhala dzina la fakitale, monga Saint-Gobain Sekurit, Pilkington kapena AGC, chizindikiro cha opanga galimoto, ndi E wozunguliridwa wokhala ndi nambala ya dziko lomwe linavomereza: 1 ndi Germany, 2 France, 3 Italy, 11 Britain. Pambali pake pamayamba ndi 43R, ndipo timizere tiwiri topendekeka tikutanthauza galasi lakutsogolo lamagawo awiri. Bokosi litsegulidwe inu kapena mmisiri wanu alipo, m'mphepete monse mupapasidwe ndi chala. Kakuthetheka kochepa ka paulendo kamabisala pansi pa mphira n'kudzatuluka galasi litaikidwa kale. Lakale lisadulidwe latsopano lisanaonedwe.

Kwa a inshulansi, werengani polise yanu pomwe akunena za magalasi, muone ngati analonjeza zipangizo za opanga galimoto komanso ndalama yomwe inu mumayamba mwalipira. Chilolezo chawo chibwere cholembedwa ntchito isanayambe.

Ndagwira ntchito yoika magalasi zaka zinayi, ma Quantum, ma Polo ndi ma bakkie osawerengeka. Sabata yamawa kubwera McLaren 720S ndipo akuti ndithandize. Chosiyana n'chiyani? Ndikuopa kuwononga. — Mmisiri wachinyamata, Rosettenville

Mphwathu, manthawo ndi abwino, asungeni. Galasi lokha silisiyana kwenikweni ndi omwe mwazolowera. Chosiyana ndi chomwe lamatidwapo. Pa Quantum mumadula pafelemu lachitsulo. Pa 720S felemu lozungulira galasi ndi carbon fibre (ulusi wolimba wa carbon woumbidwa ndi utomoni), gawo la bokosi lomwelo lomwe limateteza anthu pangozi. Pa Ferrari 458 kapena 488 ndi aluminiyamu. Ntchito yonse yagona pansi pa mzere wakuda uja, pomwe mwini galimoto sadzaonapo n'komwe.

Musanagwire chilichonse, pezani malangizo a opanga galimotoyo. Pamagalimoto a carbon fibre ambiri, opanga amafuna ntchitoyi ichitike kwa amisiri ovomerezeka, ndiye ngati garaja yanu ilibe malangizowo kapena zida zake, kukana ntchito si manyazi. Ngati zilipo, jambulani galimoto yonse mwini wake akuona, makamaka penti ya m'mbali mwa galasi ndi chikopa cha dashibodi. Galimoto iime pansi posalala, pamatayala ake anayi. Osaiimika pajeke, chifukwa thupi likapotoka pang'ono galasi liumira mopotokamo. Tsitsani magalasi a m'zitseko, zimitsani zonse, phimbani dashibodi ndi mipando, ndipo penti ya padenga ndi m'mbali muimate tepi kawiri.

Mawaipa musanawazule, ikani katepi pagalasi posonyeza pomwe amagona. Atulutseni ndi chokokera chake, osati kutema ndi sikuludiraiva. Makilipi a mapulasitiki ndi mphira zam'mbali ambiri ndi ogwira kamodzi, choncho aitanitsidwe pamodzi ndi galasi. Kudzazindikira Lachisanu madzulo kuti kilipi imodzi yathyoka ndiye kuti galimoto ikhala milungu ina.

Podula, mpeni wokoka uja ndi waya wachitsulo zisiyeni m'bokosi. Gwiritsani ntchito chingwe chaulusi chodulira, chokhala ndi chopukusira chomata mkati mwa galasi, ndipo pakati pa chingwe ndi dashibodi pakhale chotchinga chapulasitiki chomwe mnzanu aziyenda nacho. Pukusani modekha, m'makona muchepetse liwiro chifukwa ndimo chingwe chimatentha n'kuduka. Chitsulo mukachikanda mumapaka primer (mankhwala oyamba kupaka kuti guluu agwire) n'kupitiriza. Aluminiyamu wokandika akasiyidwa amatuluka ufa woyera pansi pa guluu, ndipo guluuyo amatukuka osaoneka. Koma carbon fibre mukamudula ulusi, primer sabweza mphamvu yake. Imani pomwepo, mujambule, muuze akuluakulu.

Galasi lakale likachoka, yesani latsopano lopanda guluu. Liikeni pa timphira take tokhazikira, muone kuti mpata ndi wofanana kumanja ndi kumanzere, mumate timatepi tinayi kapena tisanu todutsa pagalasi kufika pathupi, n'kutidula pampata. Timatepi timeneti ndi maso anu nthawi yoika.

Guluu wakale musamupale yense. Msengeni ndi mpeni wakuthwa wogona, mutsale mamilimita 1 mpaka 2, ndipo muchite zimenezi mutatsala pang'ono kumata. Urethane, yemwe ndi guluu womatira galasi, watsopano amagwira bwino koposa pa urethane wongodulidwa kumene. Mukatero musakhudzepo ndi dzanja lopanda magolovesi, mafuta a pakhungu okha amakwana kulepheretsa kugwira. Primer apite pokhapo pakandika. Pagalasi latsopano, tsukani mzere wakudawo ndi mankhwala ake, kupukuta kolowera mbali imodzi ndi pepala losasiya ulusi, kenako activator (mankhwala okonzekeretsa pomata) ndi primer monga botolo likunenera. Primer wakuda mumugwedeze mphindi yathunthu mukumva kampira kakulira mkati, muone tsiku lake lothera ntchito, ndipo mudikire aume mphindi zomwe zalembedwa. Mzere wakudawo si wokongoletsa, umatchinga dzuwa kuti lisaphe guluu. Zonse zikhale za kampani imodzi. Sika, Betaseal ndi Teroson aliyense ali ndi mankhwala ake, ndipo primer wa uyu ndi guluu wa uyo sizinayesedwe limodzi.

Guluu weniweniyo akhale wolembedwa kuti high modulus komanso non-conductive. Woyambayo ndi wolimba, chifukwa galasi limathandiza thupi la galimoto kuti lisapotoke pokhota. Wachiwiriyo sadutsitsa magetsi. Urethane wamba ali ndi mwaye wa carbon wambiri womwe umadutsitsa magetsi, ndipo pa aluminiyamu wonyowa umayambitsa kudyeka, komanso umafoola eriyo yomwe ili m'galasi. Silicone asaoneke ngakhale pafupi.

Kukhuthala kwa guluu nakonso kuli ndi chifukwa. Aluminiyamu amafutukuka kuposa galasi kawiri ndi theka. Pagalasi lotambalala mita 1.4, kutentha kukasintha ndi madigiri 40, zomwe kuno zimachitika pakati pa mbandakucha ndi masana padzuwa, felemu limayenda pafupifupi mamilimita 1.3 pomwe galasi limayenda 0.5 okha. Kusiyanako amameza ndi guluu. Mukamukanikiza mpaka kupyapyala, amameza ndi galasi, n'kung'aluka.

Dulani kamwa ya katiriji ngati V kuti mzere utuluke wa makona atatu, pafupifupi mamilimita 8 m'munsi ndi 12 kutalika, pokhapokha opanga atanena zina. Mfuti yabatire ndiyo yabwino chifukwa imatulutsa mofanana. Igwireni chilili, muyende osaima, polumikiza pakhale m'munsi osati pakona, ndipo mupasalaze. Makatiriji awiri a mamililita 310 akhale otsegula kale pambali, chifukwa guluu wofulumira amayamba kuchita khungu pasanathe mphindi 10 kapena 15. Nyamulani anthu awiri ndi zogwirira zomata, mulunjike timatepi tija, mutsitse kamodzi. Kanikizani ndi zikhatho mopepuka kuzungulira. Likakhala molakwika, osalikankhira m'mbali kapena kulitukula n'kulibwezera, mzere wa guluu umaduka n'kusiya mpata. Lichotseni, mupukute, muyambirenso. Katiriji ina ndi yotsika mtengo kuposa galasi lina.

Abwana akufuna oika magalasi abwere kunyumba m'mawa kuti masana apite ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Kyalami kukathamanga. N'zotheka? — Woyang'anira nyumba, Kyalami Estates

Bambo, auzeni mwaulemu kuti asankhe chimodzi. Urethane amauma ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo dzinja la ku Joni ndi louma komanso lozizira, ndiye amachedwa. Nthawi yomwe imalembedwa pakatiriji, mphindi 30 kapena ola limodzi pa ofulumira, ndi yoti galimoto ingayende bwinobwino mumsewu galasi osachoka pangozi. Si nthawi yoti guluu wauma mpaka mkati, kumeneko kumatenga masiku. Airbag ya wokwera kumanzere ikaphulika imatsamira galasi kuti ifike kwa munthu, ndipo galasi likachoka airbag imapita nalo kunja.

Ife timati galimoto yotere igone m'garaja maola 24, magalasi a m'zitseko ali otsitsa pang'ono kuti kutseka chitseko kusakankhe galasi ndi mpweya, ndipo bwalo lothamangira lidikire masiku atatu kapena kuposa. Yotsegula denga isamalidwe koposa chifukwa thupi lake limagwedezeka kwambiri. Zoikira pabwalo lanyumba sitizikonda: fumbi la August limagwera pa primer, ndipo kukazizira kufika madigiri 5 galasi limachita thukuta lomwe simungalione.

BMW i8 ya achimwene anga inaikidwa galasi pagaraja ina. Tsopano ikafika 120 imaimba mluzu, manambala aliwiro oonekera pagalasi akuoneka awiriawiri, mawaipa akuyamba okha kopanda mvula, ndipo pali chenjezo la kamera. Akuti zizolowera. Zoona? — Owerenga, Randburg

Ayi achemwali, palibe chizolowere pamenepa. Mavuto ndi anayi ndipo lililonse lili ndi gwero lake.

Manambala awiriawiri akusonyeza kuti galasilo si lake. Galasi loonetsa manambala limakhala ndi PVB yokhuthala kumtunda, yopyapyala kumunsi, kuti chithunzi chochokera pagalasi lamkati ndi cha lakunja zigwere pamodzi. Lopanda PVB yotero palibe kompyuta ingalikonze, lisinthidwe.

Mluzu ndi mpata, mwina m'guluu, mwina mphira sinakhale, mwina galasi latukuka kuposa denga. Kuti mupeze malo, matani tepi mbali imodzi, muyende, kenako mbali ina, mpaka mluzu utasiya. Kapena pakani thovu lasopo m'mphepete kunja, wina apope mpweya kuchokera mkati, muone potuluka thovu. Mpata wa m'guluu ulowetsanso madzi mvula ya November ikayamba, ndipo pansi pa dashibodi ndi podzaza mawaya. Asakuuzeni zothira silicone pamwamba.

Mawaipa akupenga chifukwa sensa yamvula imaona kudzera m'kaphala koonekera komwe kamaigwirizanitsa ndi galasi. Kakale kakabwezeredwa kamasiya timathovu ta mpweya, sensa n'kumayesa madontho. Yang'anani kuchokera kunja kuseri kwa kalilole, mutiona. Pafunika katsopano.

Kamera ndiyo yoopsa. Imayang'ana kutali, ndiye kupendekeka kwa digiri imodzi yokha kumakhala mita 1.7 pamtunda wa mamita 100, theka la mzere wamsewu. Galasi likasinthidwa kamera iyenera kuphunzitsidwanso ndi kompyuta, pamagalimoto ena moyang'anitsa bolodi lazizindikiro pansi posalala, pa ena poyenda mumsewu wamizere yooneka bwino. Funsani pepala losonyeza kuti zinachitika.

Lamulo lili kumbali yanu. Consumer Protection Act ya 2008 imati wokonza amayankha pa zipangizo ndi ntchito yake kwa miyezi itatu. Alembereni kalata kapena imelo yotchula mavuto anayiwa, musunge risiti ndi zithunzi. Akakana, dandaulo lipite kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa. Ngati garajayo inasankhidwa ndi a inshulansi, auzeninso iwo, ndipo mkangano ndi iwowo umapita ku National Financial Ombud Scheme.

Ndimatsuka magalimoto ku Rosebank. Yobwera ndi tepi pagalasi ndiichite bwanji? Nanga disiki yalayisensi yomwe eni ake amasiya pampando? — Wotsuka magalimoto, Yeoville

Achimwene, funsani tsiku lomwe galasi linaikidwa. Pasanathe maola 48 musalozetse paipi yamphamvu m'mphepete mwa galasi, ndipo tepi musaichotse tsiku loyamba. Tsukani ndi ndowa ndi nsalu, zitseko muzitseka mofatsa. Mawaipa akale amakhala ndi mchenga mumphira, ndiye akumbutseni eni ake asinthe asanakande galasi latsopano.

Disiki ibwerere mkati mwa galasi, pakona yam'munsi kumanzere, yowerengeka kuchokera kunja. Ikakhala pampando a JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, alemba tikiti ngakhale ili yolipira. Pepala lakuda pagalasi lakutsogolo lamulo sililola ngati kuwala kodutsa kukutsika pansi pa 70 peresenti. Tagi yolipirira msewu nayo ibwezeredwe. Ngakhale ma e-toll a ku Gauteng anazimitsidwa mu April 2024, tagiyo ikugwirabe pamageti ngati Grasmere ndi Carousel pa N1. Magalasi ena odula ali ndi utoto wachitsulo wotchinga kutentha womwe umatsekereza tagi, choncho imatidwe pamadontho akuda a pafupi ndi kalilole, pomwe opanga anasiya posapaka.